Brass, FR4 kapena polycarbonate: plate yomwe yatsala mu kiyibodi yanga

Kiyibodi yanga ndi ya 65%, yaing'ono yopanda mabatani a manambala a kumbali ndi mzere wa mabatani a F, bokosi lake ndi la aluminiyamu, ndipo plate imakhala pa timaraba tofewa m'mbalimu, njira imene amaitcha gasket mount. Ndinaigula ndi ma plate atatu: ya brass (mkuwa wosakaniza), ya FR4 (ulusi wagalasi woumitsidwa) ndi ya polycarbonate (pulasitiki). Chaka chatsala pang'ono kukwana ndikuilembera tsiku ndi tsiku, ndipo plate iliyonse yakhalamo miyezi ingapo, ma switch omwewo (tizipangizo tokhala pansi pa batani lililonse, tomwe timamva mukadina), mabatani omwewo, tebulo lomwelo. Yomwe yatsalamo ndi ya FR4. Mlanduwu zagamula ndi zala zanga, makutu anangochitira umboni.

Kwa amene simunatsegulepo kiyibodi yotere: plate ndi chinthu chaphanthiphanthi chokhala ndi mabowo a ngodya zinayi, bowo lililonse mamilimita 14 mbali zonse, momwe switch imalowa n'kugwira ndi timano take. Pansi pake ndi pomwe pamakhala PCB, bolodi la magetsi lija. Ma switch a mtundu wa MX, amene kampani ya Cherry ya ku Germany inayamba kupanga m'zaka za m'ma 1980, timano take timagwira bwino plate yokhuthala mamilimita 1.5. N'chifukwa chake ma plate ambiri kukhuthala kwake n'kofanana, amangosiyana chomwe apangira. Mukadina batani mpaka pansi, mphamvu ya chala imakathera pa plate. Ikakhala yolimba imakubwezerani mphamvuyo ku chala. Ikakhala yofewa imapindika pang'ono n'kumeza ina.

Ndinayamba ndi brass, chifukwa ndi yomwe imakopa maso ukangotsegula katoni. Brass ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo ndi yolemera: kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu pafupifupi 8.5, pamene aluminiyamu ndi 2.7 ndipo polycarbonate ndi 1.2 basi. Kulemerako kumamveka ukamalemba. Batani lililonse limalira mokweza ndi mwachidule, khwa khwa khwa, mawu osasakanikirana. Masabata oyambirira ndinkasangalala nazo kwambiri, makamaka polemba timauthenga tatifupitifupi.

Vuto linabwera masiku olemba nkhani zazitali. Pofika madzulo nsonga za zala zinkamva ngati munthu amene wayenda tsiku lonse pa simenti wopanda nsapato. Sikupweteka kwenikweni, koma umadziwa kuti pansi sipakukumvera chisoni. Ine ndimadina mwamphamvu, batani lililonse ndimalifikitsa pansi, ndiye amene amalemba mopepuka mwina sangamve zimenezi. Chinanso, brass inaphera ntchito timaraba tija. Ubwino wa gasket mount ndi woti mkati monse muzinyunda pang'ono ukadina, koma brass ndi yolimba kuposa polycarbonate maulendo pafupifupi 40, ndiye pakati pa kiyibodi panali gwa! Ndalama zomwe ndinawonjezera kuti ndipeze kiyibodi yonyunda zinangopita pachabe nthawi yonse imene brass inali mkatimo.

Panalinso kamawu kena kachitsulo, ngwee, kotsalira pambuyo pa batani, makamaka pa spacebar ndi mabatani a m'mphepete. Kupaka mafuta ma spring a mkati mwa ma switch kunachepetsa, koma usiku kukakhala zii kankamvekabe. Za maonekedwe, yanga inali yosakutidwa ndi chilichonse, ndipo nyengo ya mvula isanathe inali itayamba kuda, malo amene ndinagwira ndi zala pomanga akuoneka bwinobwino. Mabatani akavala palibe amaona zimenezi, ndiye ine sizinandivute. Koma ngati mukugula brass chifukwa cha kunyezimira, funsani ngati ndi yokutidwa.

Kuchoka pa brass kupita pa polycarbonate kunali kudumpha kwakukulu. Iyi ndi pulasitiki yoonekera mkati, yofanana ndi imene amapangira magalasi ena a m'maso. Kulira kwake n'kwapansi, kozama, du du du, ndipo kuwala kwa timagetsi ta mitundumitundu ta RGB kumafalikira bwino kwa amene amakonda zimenezo. Zala zinapuma. Ukadina pakati pa kiyibodi umaona mabatani oyandikana nawo akutsika pang'ono, makamaka chifukwa yanga ili ndi timipata todulidwa dala pakati pa mizere kuti izipindika mosavuta.

Nanga ndinaichotseranji? Zifukwa zake zinaoneka pang'onopang'ono. Choyamba ndi kumanga. PCB yanga ndi ya hot-swap, kutanthauza kuti switch umangoilowetsa mu soketi, kachinthu ka kumbuyo kwa PCB kogwira timiyendo take, osawotcherera. Plate yachitsulo imaima nji ukamakankha switch, timano n'kugwira, thapu. Polycarbonate imathawa, imatsika limodzi ndi switch mpaka kukagona pa PCB timano tisanagwire. Umayenera kuyamba ndi m'ngodya zinayi, kenako pakati, uku ukunyamula plate ndi chala kapena kachitsulo, dzanja lina litachirikiza soketi kumbuyo kuti isazuke. Soketi ikazuka pa PCB ndiye kuti mwapeza ntchito yowotcherera yomwe munkaithawa. Munthu womanga kamodzi n'kuiwala, zimenezi si nkhani. Koma ine ndimatsegula kiyibodi kawirikawiri kupukuta fumbi, makamaka miyezi yotentha, ndi kuyesa ma switch ena.

Chachiwiri chinachokera pomwepo. Nditachotsa ndi kubwezera ma switch kangapo, mabowo ena anayamba kugwira mofooka, moti pozula batani lothina switch inkatuluka nalo limodzi. Ma switch a timiyendo 5 amathandiza, poti timiyendo tiwiri tapulasitiki towonjezera timagwira pa PCB. A timiyendo 3 amadalira plate, ndipo pa polycarbonate ena ankakhala mopendekera pang'ono.

Chachitatu n'chovuta kufotokoza. Kufewa kumene kunandisangalatsa poyamba kunayamba kundichititsa kuti ndisamadziwe bwino pomwe batani lathera. Mabatani apakati ankanyunda kwambiri, a m'mphepete pafupi ndi timaraba ankalimba, ndiye chala chimodzi chinkamva zina, china zina. Polemba msanga ndinkalakwitsa kuposa kale. Anzanga ena okonda ma switch opepuka amati imeneyi ndiye plate yabwino kuposa zonse, ndipo sindiwatsutsa. Zala zathu n'zosiyana.

FR4 ilibe chokopa. Ndi ulusi wagalasi wolukidwa n'kuumitsidwa ndi guluu wa epoxy, chinthu chomwecho chimene amapangira PCB, ndipo pa ma plate atatuwa ndi yomwe inali yotchipa. Kulimba kwake kuli pakati: yofewa kuposa aluminiyamu, yolimba kutali kuposa mapulasitiki. Tsiku loyamba sinandidabwitse ndi chilichonse. Kulira kwake kuli pakatikati, kulibe ngwee wa brass, kulibenso kuzama kwa polycarbonate. Chimene ndinazindikira patapita nthawi n'choti ndinasiya kuganiza za plate. Timaraba tinayamba kugwira ntchito yake, pansi pa batani pankamveka pomwe pali, ndipo madzulo zala sizinkadandaula. Ma switch amalowa n'kugwira mosavuta, ndipo ngakhale ndawazula kambirimbiri mabowo akadali othina. Siida, siichita dzimbiri, sinapindike.

Cholakwika chake ndi m'mphepete. Momwe makina anadula munali mokhakhala, tiulusi tagalasi tikubaya, ndipo switch yothina imakalika pang'ono m'mbali poizula. Ndinapalapo pang'ono ndi sandipepa wonyowa kuti fumbi lake lisauluke, chifukwa fumbi la ulusi wagalasi si labwino kupuma.

Aluminiyamu ndinangoiyesa pa kiyibodi ya mnzanga, ndipo ili pafupi ndi brass kuposa FR4, kungoti ndi yopepuka ndipo imabwera kale ndi makiyibodi ambiri. POM, pulasitiki yoterera ija imene kampani ya DuPont inaitchukitsa ndi dzina la Delrin, sindinakhale nayo nthawi yokwanira kuti ndiiweruze.

Tsopano za makutu, poti ambiri timasankha plate titamvera mavidiyo a pa YouTube. Zimene mumamva m'mavidiyomo ndi maikolofoni ya munthuyo, chipinda chake, tebulo lake ndi kansalu kamene wayala pansi pa kiyibodi. Ine nditangochotsa kansalu kanga n'kuika kiyibodi pa thabwa lenileni, kulira kunasintha kuposa momwe kunasinthira pochoka pa FR4 kupita pa polycarbonate. Mabatani nawonso amasintha zambiri, okhuthala a pulasitiki ya PBT amalira mozama kuposa opyapyala a pulasitiki ya ABS. Ndiye pali thovu, kutanthauza siponji imene amaika mkati, la mtundu wa Poron pakati pa plate ndi PCB, ndi kapepala ka pulasitiki ya PE pansi pa ma switch. Mukaika zonsezi, ma plate atatu aja amayamba kulira mofanana kwambiri, chifukwa zomwe mukumva ndi thovulo. Thovu la pakati limachepetsanso kunyunda, ndiye kugula polycarbonate n'kuidzaza thovu n'kulipira kufewa kumene simudzakumva. Panopa yanga ili ndi FR4, thovu lopyapyala pansi pa bokosi lokha, pakati palibe.

Ngati mukuitanitsa kiyibodi yotere kuchokera kunja, gulani plate yachiwiri nthawi yomweyo. Plate amaidula molingana ndi bokosi lake, timakutu tokhala pa timaraba timasiyana kiyibodi ndi kiyibodi, ndipo zambiri mwa izi amazipanga kamodzi pa group buy, pamene anthu ambiri amaitanitsa pamodzi zisanapangidwe, zikatha zatha. Kuitanitsa plate yokha pambuyo pake, mtengo wotumizira ukhoza kuposa wa plate yeniyeniyo. Opanga ena amaika poyera faelo ya kadulidwe ka plate yawo, ndipo popeza FR4 ndi chinthu chomwecho cha PCB, fakitale iliyonse yopanga ma PCB ikhoza kukudulirani. Kungoti muwauze kuti kukhuthala kukhale mamilimita 1.5, chifukwa iwo anazolowera 1.6, ndipo kusiyana kwakung'onoko kukhoza kuchititsa kuti timano ta switch tivutike kugwira.