Kompyuta ya Windows XP m'shopu: kuisiya chomwecho, kuipezera browser ina, kapena kuikamo Linux

Pashopu yanga yotayipa makalata ndi fotokope pano pa Ngabu ndikudyerabe kompyuta ya Pentium 4 ya Windows XP yokhala ndi RAM (memore yogwirira ntchito) ya 1 GB, ndipo ndikudziwa kuti anzanga ena ku Nchalo ndi ku Bangula ali ndi zonga yomweyi. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, koma makinawo sanafe. Ndayesa njira zitatu zowasungira, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene iliyonse yandiyendera.

Kuisiya XP monga ilili n'kosavuta ngati ntchito yanu ndi kutayipa ndi kupulinta basi. Word 2007 imatseguka msanga, pulinta imamvana nayo, aphunzitsi akabwera ndi mayeso a ana mumawatayipira popanda chovuta. Vuto limayamba kasitomala akafuna kudzaza fomu ya pa intaneti. Pa XP, ma browser (mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti) anaima kalekale: Chrome inathera pa vesheni 49 mu 2016, Firefox pa 52, ndipo masamba ambiri a masiku ano amangokana kutseguka kapena kukuchenjezani za satifiketi, chiphaso chotsimikizira kuti tsamba ndi lenilenilo. Zinafika poipa pa 30 Seputembala 2021, pamene satifiketi yakale imene masamba otetezedwa ndi Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketiwa, ankadalira inatha ntchito. Vuto lina ndi mafulashi. Mayi wina anabwera ndi fulashi yokhala ndi makalata a gulu lawo la banki mkhonde, mafoda onse atabisidwa ndi vairasi, m'malo mwake mutangotsala ma shortcut, tizizindikiro tongolozera. Nditangoilowetsa, vairasi inalowa m'kompyuta mwanga, ndipo fulashi iliyonse imene ndinalandira tsiku limenelo inabwerera kwa mwini wake itadwala. Zinandipweteka mtima, chifukwa anthuwo anabwera kwa ine pondikhulupirira.

Njira yachiwiri ndiyo imandigwira mtima kwambiri, ngakhale sindiyo ndinasankha. Pali anthu ongodzipereka amene amatenga browser zatsopano n'kuzisoka kuti zikwane pa Windows yakale. Supermium inachokera ku Chromium, maziko a Chrome, Mypal inachokera ku Firefox, ndipo zonse zimayenda pa XP. Ntchitoyi si yamasewera. Chromium yatsopano imaitana zinthu za mkati mwa Windows zimene mu XP mulibemo, choncho wokonzayo ayenera kuzilemba yekha kapena kuzilambalala, ndipo Chromium ikasintha amayambiranso. Nditaika Supermium, Gmail inatseguka pakompyuta imene ndinali nditaitaya kale mtima. Koma pa RAM ya 1 GB, masamba awiri okha amakwana kuti fani iyambe kulira, makamaka mu Okutobala pamene kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo malata akuwotcha pamutu. Mypal ndiyopepukirapo, kungoti masamba ena sawoneka bwino. Ndiponso browser yatsopano sitseka mabowo a XP yeniyeniyo, amene mavairasi amalowerapo. Vairasi ya WannaCry itabuka mu Meyi 2017, Microsoft inachita kutulutsa chigamba chapadera cha XP, koma zoterezi sizichitika chaka chilichonse. Mukhala mukutsamira pa anthu ochepa amene akukonza ma browser amenewa mwa kufuna kwawo, ndipo akatopa palibe wokamudandaulira.

Amene muli ndi Windows 7 muli pabwinoko pang'ono. Microsoft inaisiya pa 14 Januwale 2020, Chrome yake yomaliza ndi 109, Firefox ndi 115, ndipo Supermium imayendanso pamenepo.

Njira yachitatu ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Ndinaiyesa mochedwa chifukwa cha mantha. Linux ili ndi mitundu yambiri. Ubuntu ndi abale ake anasiya makompyuta akale a 32-bit ngati yangayi, Lubuntu 18.04 ndiyo inali yomaliza yosamalidwa nthawi yaitali, koma antiX, yochokera ku Debian, inapangidwira makina ofooka ngati angawa. Inayaka msanga, browser yake inali ya masiku ano, ndipo vairasi ya ma shortcut ija ilibe mphamvu pamenepo. Ndimalowetsa fulashi yodwala, ndimaona mafayilo obisika, ndimachotsa zoipazo n'kubweza zikalata za mwini wake. Zimene zinandibweza m'mbuyo ndi ziwiri. LibreOffice, imene imagwira ntchito ya Word pa Linux, imatsegula mafayilo a Word, inde, koma CV imene mnyamata anaikonza bwino kwina imatha kusuntha mizere, tebulo n'kudumphira tsamba lachiwiri, iye ali chiimire akudikira minibasi ya ku Blantyre. Chachiwiri ndi pulinta. Yanga inandidyera masiku awiri ndi bando yambiri ndikusaka driver, pulogalamu yoti imvane ndi kompyuta, ndipo magetsi akathima n'kuyakanso imayamba kunyanyala. Pamene ndalama ya shopu imachokera pa pepala lotuluka m'pulinta, zimenezi sindingazipirire. Musanafufute chilichonse, yatsani antiX kuchokera pa fulashi ndipo muyese pulinta yanu kaye, chifukwa zambiri za HP zimayenda bwinobwino kudzera mu HPLIP, ma driver a HP a pa Linux.

Ine ndinagawa hard disk pawiri, mbali ina XP, ina antiX. XP ndinaichotsa pa intaneti kotheratu, ntchito yake ndi Word ndi pulinta. Fulashi ya kasitomala ndi chilichonse cha pa intaneti zimayamba zadutsa ku antiX. Kuzimitsa ndi kuyatsanso kumadya mphindi zitatu kapena zinayi, ndiye m'mawa ndimasonkhanitsa mafulashi onse n'kuwatsuka nthawi imodzi, kenako ndimabwerera ku XP kukapulinta dzuwa lisanakwere.