Timing ya Corolla yakale: khutu, tochi kapena kompyuta?

Corolla ya m'zaka za m'ma 1990, ija ya injini ya 4A-FE kapena 5A-FE, ikayamba kufooka pachitunda ndi kumwa petulo mopitirira muyeso, amakaniko ambiri amathamangira kunena kuti timing, nthawi imene mapulagi amatulutsa moto woyatsa petulo, yasokonekera. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Amasiyana pa njira yotsimikizira, ndipo m'magalaja athu muli njira zitatu.

Yofala kwambiri ndi ya khutu. Makaniko amamasula bawuti ya distributor (chipangizo chogawira moto ku mapulagi) injini ikulira, n'kumaitembenuza pang'onopang'ono mpaka injiniyo imveke yosalala. Sindiinyoza njirayi: sidya ndalama, ndipo galimoto ikakuferani kumudzi ikhoza kukufikitsani kwanu. Koma injini imene siikukoka kanthu imakonda moto wofulumira. Mukaupititsa patsogolo imalira mokoma ili chiimire, makaniko n'kumanga bawuti ali wokhutira. Ndiye kakwereni nayo zitunda zochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre mutanyamula anthu. Mudzamva kachitsulo kakuti "tiki-tiki-tiki" mukaponda mafuta, kusonyeza kuti petulo akuphulika mosalongosoka n'kumamenya mapisitoni. Injini ikatentha n'kuizimitsa, sitata imavutika kuizunguza, ndipo ena amagula batire yatsopano pomwe yakale ilibe mlandu. Makaniko wamantha naye amabweza moto m'mbuyo mopyola, galimoto n'kukhala yaulesi, yotentha msanga, yomwa mafuta.

Tochi ya timing ndi imene ine ndimaikhulupirira pa magalimoto amenewa. Amaikoletsa ku waya wa pulagi yoyamba, ndipo imaphethira nthawi iliyonse pulagiyo ikatulutsa moto. Mukaunika pa pule ya pansi pa injini, kamzere kodulidwa pamenepo kamaoneka ngati kaima moyang'anizana ndi manambala a pachivindikiro cha lamba wa timing. Pa injini ziwirizi kamzereko kayenera kuloza pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale eni matochi amachidumpha, ndipo chimandipweteka chifukwa chimaononga ntchito yonse. Mu boneti muli kabokosi kolembedwa kuti DIAGNOSIS. Injini itenthe kaye, kenako mulumikize mabowo a TE1 ndi E1 ndi kawaya. Mukapanda kutero, kompyuta ya galimotoyo imapitiriza kusuntha moto yokha, ndiye nambala imene mukuiona si imene buku la Toyota likunena. Makaniko wanu akatulutsa tochi osakhudza kabokosiko, mufunseni mwaulemu chifukwa chake.

Tochi nayo ikhoza kunamizidwa. Pule ija ili ndi labala pakati. Labalayo akakalamba, mbali yakunja imaterereka, kamzere n'kuchoka pamalo pake. Chachiwiri n'chachikulu: tochi imaonetsa nthawi ya moto basi, osati nthawi imene ma valve akutseguka. Lamba wa timing, amene amazunguza camshaft yotsegula ma valve, akalumpha dzino limodzi, kaya chifukwa chokhwepa kapena chifukwa anamuika molakwika, makaniko akhoza kutembenuza distributor mpaka moto ubwerere pa 10, koma galimoto n'kukhalabe yofooka. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: distributor yakankhidwira kumapeto kwenikweni kwa mpata wake. Mukaona zimenezo, chotsani chivindikiro cha lamba, ikani pule ya pansi pa 0, muone ngati kabowo ka pa pule ya camshaft kakuyang'anizana ndi chizindikiro chake. Muli pomwepo yang'anani ngati lambayo wang'aluka kapena wanyowa ndi oyilo. Amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo pa galimoto yodutsa m'manja ambiri palibe amene angalumbire kuti zinachitika.

Nanga kompyuta yopimira galimoto, imene masiku ano aliyense akuitamanda? Makina ambiri otsika mtengo amafuna soketi ya OBD-II ya mapini 16, ndipo ma Corolla akale ochokera ku Japan ambiri alibe soketi imeneyo. Ali ndi njira yawoyawo yaulere: kawaya komwe kaja pa TE1 ndi E1, tsegulani kiyi osaliza injini, getsi la check engine liyamba kuphethira manambala. 12 ndi vuto la chizindikiro cha liwiro la injini chochokera ku distributor, 14 ndi la moto, 22 ndi la sensa ya kutentha kwa madzi. Koma ngakhale zimenezi sizingakuuzeni kuti distributor yakhala mopendekeka, chifukwa kompyuta ya galimotoyo imangokhulupirira zimene distributor ikuiuza. Pamene makina amapambanadi ndi pa magalimoto atsopanoko ngati Probox ya injini ya 1NZ-FE, yopanda distributor, yoyendera tcheni m'malo mwa lamba. Kumeneko palibe chotembenuza ndi dzanja, ndipo tcheni likatamuka nambala ya P0016 ikhoza kukulozerani.

Pa Corolla yakale, ndalama zanu zipite kwa makaniko amene ayambe waona zizindikiro za lamba, kenako n'kutenga tochi ndi kawaya. Zonsezi zikapezeka pamalo pake galimoto n'kukhalabe yolemera, distributor isiyeni. Onani mapulagi ndi mawaya ake, sefa ya petulo, mphamvu ya compression, ndiponso ngati paipi ya utsi sinatsekeke.