Makina oyambira kudzaza zipolopolo za pisito: single-stage, turret kapena progressive?

Anzanga amene muli ndi chiphaso cha mfuti kuno ku South Africa ndipo mumapita kukawombera kubwalo la masewera, mukudziwa kuti chimene chimaboola thumba ndi zipolopolo. Mfuti munagula kamodzi, koma zipolopolo n'za mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake ambiri timafika poganiza zotolera makoko a zipolopolo zowombedwa kale n'kumadzaza tokha. Lamulo limalola. Ndime 93 ya Firearms Control Act ya 2000 imati mwini chiphaso angathe kudzaza zipolopolo za mfuti imene ili pachiphaso chakecho, koma asasunge ma primer (tizitsulo ta pansi pa khoko toyatsa onga) oposa 2,400 pa mfuti iliyonse, kupatula amene anavomerezedwa ngati dedicated sports person kapena dedicated hunter (wamasewera kapena mlenje wodzipereka). Kudzazira mnansi kapena kugulitsa mulibemo m'chilolezo chimenechi. Komanso limeneli ndi lamulo la kuno, musalitengere kumudzi.

Munthu akangoganiza zoyamba, funso loyamba limakhala la makina. M'sitolo muli mitundu itatu, ndipo wogulitsa amakonda kukuonetsani wothamanga. Ine ndimaiyeza ndi muyeso wina: ndi makina ati amene angakuloleni kuona ndi maso anu onga umene walowa m'khoko lililonse?

Ntchito yake ndi imodzimodzi pa makina onse. Khoko lowombedwa kale mumalibweza m'saizi yake n'kuchotsa primer yakale, mumaika yatsopano, mumatsegula pakamwa pang'ono, mumathira onga, mumakhazika mutu wa chipolopolo, kenako mumafinya pakamwa kuti mutuwo ugwire. Chimasiyana n'chakuti zimenezi zimachitika zingati pa nthawi imodzi.

Single-stage, monga Rock Chucker ya RCBS, imalandira die imodzi yokha (die ndi kachitsulo komanga pamakina kogwira ntchito yake pa khoko). Mumatenga makoko 50, onse mumawadutsitsa pa ntchito yoyamba, mumasintha die, n'kuwabwereza pa ntchito yachiwiri. N'zochedwa, palibe kubisa. Koma taonani chimene chimachitika pofika pa onga. Makoko onse amakhala ataimirira m'kabolodi kake ngati mazira m'thireyi, pakamwa pali pululu. Mumayatsa tochi n'kuyendetsa maso mzere ndi mzere. Khoko lopanda kanthu limaonekeratu, lodzaza kuposa anzake limaonekeranso, ndipo mutu sunakhale ndi umodzi womwe. Palibe makina ena amene amakupatsani mpata umenewu mosakakamiza.

Chifukwa chake mpata umenewu uli wofunika chotere n'chakuti ngozi zazikulu pa zipolopolo za pisito n'ziwiri, ndipo zonse zimachokera pa onga. Yoyamba ndi kuthira kawiri. Onga wa pisito umapsa msanga ndipo umalowa wochepa kwambiri, nthawi zambiri sufika ngakhale theka la gilamu. Timauyeza m'ma grain, ndipo grain imodzi ndi pafupifupi 0.065 ya gilamu. Tsono tengani .38 Special, chipolopolo cha revolver. Khoko lake linapangidwa mu 1898, nthawi ya onga wakuda umene unkafuna malo ambiri. Onga wa masiku ano umangokhala pansipansi, moti mukathira kawiri sutayikira, mutu umakhala bwinobwino, chipolopolo chimaoneka chimodzimodzi ndi zinzake. Pamene bungwe la SAAMI, loika miyeso ya zipolopolo ku America, linaika malire a mphamvu ya kuphulika ya .38 Special pa 17,000 psi, kuthira kawiri kumapitirira patali, ndipo revolver ikhoza kuphulikira m'manja. Ngozi yachiwiri ndi imene amaitcha squib: khoko lopanda onga. Primer yokha imakankha mutu n'kuusiya utakakamira mumpope. Ukawombanso osaona, wachiwiri umakagunda woyambawo. Mukamva kulira kofooka kosazolowereka, imani pomwepo, chotsani zipolopolo zonse, yang'anani mumpope.

Tibwere ku progressive, chifukwa ndi kumene mitima ya ambiri imathamangira. Dillon ya ku Scottsdale ku Arizona ndi Lock-N-Load AP ya Hornady ndi makina abwino zedi, ndipo ambiri amene amachita mipikisano yowombera mothamanga ya IPSC amawadalira. Makoko anayi kapena asanu amakhala pa makina nthawi imodzi, lililonse pa ntchito yake, ndipo mukakoka chogwirira kamodzi chipolopolo chathunthu chimagwera m'kabokosi. Pa ola mumatulutsa mazana angapo. Vuto la woyamba kumene n'lakuti maso ndi awiri, ntchito n'zisanu. Primer ikakakamira, mtima wonse umapita pamenepo. Mumakokanso chogwirira kuti muone chavuta n'chiyani, ndipo kumbali kuja khoko lalandiranso onga kachiwiri osadziwa. Pa Dillon 550 mpofunika kusamala koposa, chifukwa mbale yonyamula makoko mumaitembenuza ndi chala. Mukaiwala kutembenuza n'kukoka, mwathira kawiri. XL750 ndi Lock-N-Load AP zimatembenuza zokha ndipo zili ndi malo asanu, kotero pamapezeka poika die yoyesa onga, monga Powder Check ya Dillon imene imalira kapena Lock-Out Die ya RCBS imene imaimitsa makina. Zimathandiza. Koma munthu amene sanazolowere kumva ndi dzanja mmene primer imakhalira ikalowa bwino, amadalira kabelu m'malo modalira luso, ndipo kabelu kamagwira kulakwa kwakukulu kokha.

Pali amene amati gulani progressive kamodzi n'kamodzi, muziikamo khoko limodzi mpaka mutazolowera. Nzeru yake ndikuimva, ndipo kwa munthu wodekha amene ali ndi womuphunzitsa pambali zimatheka. Koma makina othamanga ali patebulo, mawa kuli mpikisano, ndi angati amene angapirire kuika khoko limodzilimodzi?

Turret ili pakati, ndipo ndi imene ndingauze mng'ono wanga kuti agule. Lee Classic Turret imanyamula ma die anayi pamutu wozungulira. Khoko ndi limodzi pa nthawi imodzi: mumakoka kanayi, chipolopolo chatha. Ma die mukawatchera amakhala chomwecho, simusintha-sintha, ndipo mtundu wina wa chipolopolo mumangougulira mutu wake. Chimene chimandikondweretsa kwambiri n'chakuti kachitsulo kamene kamazungulitsa mutuwo kamachoka. Mukakachotsa, makina asanduka single-stage, ndipo mungathe kuphunzira ndi kabolodi ndi tochi kwa miyezi yoyamba. Mukakhwima mumakabwezeretsa. Chofooka chake chilipo: kakakhalapo, simukhalanso ndi makoko 50 oyerekeza pamodzi, choncho muyenera kudziphunzitsa kusuzumira m'khoko lililonse musanaike mutu, ndi nyale yowalira pomwepo. Mutu wa makinawo umagwederanso pang'ono, koma pa zipolopolo za pisito zimenezo sizidetsa nkhawa.

Nanga Rock Chucker yagonja? Ayi. Ngati muli ndi maganizo odzadzazanso za mfuti yosakira nyama, kapena mumawombera pang'ono pamwezi, tengani single-stage, simudzaitaya. Ngakhale eni ma progressive ambiri amasunga imodzi pakona pa tebulo.

Amene muli ndi 9mm, ndipo ndinu ambiri, musaganize kuti mwapulumuka poti khoko lanu n'laling'ono. Lanu vuto lili pa kutalika. Malire ake ndi 35,000 psi, malo m'kati ndi ochepa, ndiye mutu ukalowa mopitirira pang'ono chabe mphamvu imakwera msanga. Apa makina sangakuthandizeni, chofunika ndi caliper yoyezera kutalika, ndi kuyesa ngati mutu sukubwerera m'kati ukakanikizidwa. 9mm imafuna taper crimp, kufinya kosapinda pakamwa, chifukwa imatsamira pakamwa pa khoko m'chipinda cha mfuti. Roll crimp, yopindira pakamwa m'kati, ndi ya revolver. Makoko otola kubwalo muziwasuzumiranso: okhala ndi timabowo tiwiri pansi ndi a mtundu wa primer wotchedwa Berdan, amathyola kasingano kochotsera primer.

Ndalama imene mwapulumutsa posagula progressive ipite ku sikelo yodalirika ndi miyala yake yoiyesera, caliper, ma die a carbide, magalasi oteteza maso, ndi buku la miyeso la kampani yodziwika monga Lyman, Hornady kapena Speer. Ngati onga wanu ndi wa Somchem, wopangidwa konkuno, monga MP200 kapena S121, tsatani miyeso ya Somchem yeniyeniyo. Ukasowa m'sitolo n'kugula wakunja, muyeso wakale sugwiranso ntchito. Yambani pa muyeso wotsikitsitsa wa onga watsopanowo n'kumakwera pang'onopang'ono. Muyeso wouzidwa ndi mnzanu pa WhatsApp usalowe m'khoko musanaupeze m'buku. Patebulo pazikhala chitini chimodzi chokha cha onga, ndipo wotsala ubwerere m'chitini chake tsiku lomwelo. Fumbi la makoko akale lili ndi mtovu wochokera ku primer, choncho otsukira makoko asakhale m'chipinda chogona ana, ndipo sambani m'manja musanakhudze nsima.