Suzuki Swift Sport kuchigwa: zimene miyezi 14 yaonetsa

Galimoto imene tikunena pano ndi Suzuki Swift Sport ya mtundu wa ZC32S, yomwe inayamba kupangidwa mu 2011, ndipo kuno imabwera kuchokera ku Japan itagwirako kale ntchito. Ndi ya magiya 6 osintha ndi dzanja, injini yake ndi M16A ya malita 1.6. Kwa miyezi 14 yakhala ikuyenda tsiku ndi tsiku pakati pa Nchalo, Dyeratu ndi Chikwawa boma, kukwera ku Blantyre pafupifupi sabata iliyonse, ndi kutsikira ku Bangula ndi ku Nsanje mwa apo ndi apo. Yapsa ndi dzuwa la Okutobala kawiri, yadutsanso dzinja limodzi lathunthu. Anthu akaiona amakonda kufunsa kuti, "Kagalimoto kotsika chonchi mukatani nako kuchigwa kuno?" Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili pawiri.

Chifukwa chachikulu chimene munthu wakuno angasankhire galimoto yotere chili pa chitunda cha pakati pa Thabwa ndi Blantyre. Chikwawa ili pa mamita pafupifupi 100 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene Blantyre ili pa mamita opitirira 1,000, ndipo mbali yaikulu ya kukwera kumeneku imachitika pa makilomita ochepa okhotakhota. Aliyense amene anakwerapo phirili pa Mira, Passo kapena Vitz ya lita imodzi, muli anthu anayi, AC ili yoyatsa, amadziwa mmene timagalimoto timeneti timalirira. Mukapeza lole ya shuga ikukwawa kutsogolo, mumangoitsatira mpaka pamwamba. Swift Sport imalemera makilogalamu 1,050 okha koma injini yake imatulutsa mphamvu ya mahatchi 136. Pa giya 3 imakwera mosavutikira, ndipo pakapezeka mpata woona bwino kutsogolo, kupitirira lole kumatenga kanthawi kochepa. Phindu lenileni la mphamvuyi lili pamenepo: mumakhala nthawi yochepa kumbali ya anzanu obwera kutsogolo. Liwiro lothamangitsana nalo si limene timaitamira, chifukwa M1 ya kuchigwa ndi ya tonse, akabaza, ngolo, ng'ombe, mbuzi ndi mathirakitala a nzimbe.

Potsika phiri lomweli m'pamene galimotoyi imaonetsa kuti inapangidwa mosiyana ndi Swift wamba. Ili ndi mabuleki a disiki mawilo onse anayi, ndipo pa makona siyendera mbali imodzi ngati bwato. Komabe musatsike mtsetse wonse phazi lili pa buleki. Ikani giya 3, pa makona akuthwa giya 2, injini igwire galimoto. Pondani buleki mwamphamvu kanthawi kochepa musanalowe pakona, kenako musiye kuti madisiki azizire. Mukafika pa Thabwa n'kumva fungo lopsa kapena buleki italowa pansi kuposa masiku onse, mwatenthetsa mabuleki, mwinanso mwawiritsa mafuta ake. Mafutawa amayamwa chinyezi. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230 kupita m'mwamba, koma akayamwa madzi amatha kuwira pa 155. N'chifukwa chake tikuti asinthidwe galimoto ikangofika m'dziko muno, kenako zaka ziwiri zilizonse. Lita imodzi imakwanira kutsuka mizere yonse inayi. Amene ali ndi ya CVT, ija yosintha yokha magiya, agwiritse ntchito timagiya ta pa chiwongolero potsika, ndipo asalole wina aliyense kuthiramo ATF, mafuta wamba a magiya a otomatiki, m'bokosi la magiya. CVT ili ndi mafuta akeake.

Pa mafuta, thanki yake ndi ya malita 42. Ku Japan anaiyeza kuti imayenda makilomita 14.8 pa lita. Kuno, AC ili yoyatsa nthawi zonse, yakhala ikupereka pakati pa 12 ndi 14. Imamwa kwambiri pa maulendo afupiafupi ndi pokwera phiri, imamwa pang'ono pa msewu wowongoka wa Ngabu mpaka Bangula mutaika giya 6. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Nsanje, makilomita pafupifupi 180, n'kubwerera, thanki imodzi imakwana ndipo amatsalako. Injiniyi inapangidwira petulo wa octane yokwera. Petulo wa pa filing'i siteshoni, amene kuno amasakanizidwa ndi ethanol, sinavutike naye. Wa m'zigubu ndi amene tikukuchenjezani. Mafuta akasowa, anthu amagula za m'mbali mwa msewu, ndipo ena amasakaniza palafini kapena mumakhala madzi. Chizindikiro chake ndi kaphokoso kongati timiyala tikugundana m'chitini mukaponda moto pa chitunda. Mukamva zimenezo tsitsani giya, musaikakamize, ndipo mukapeza petulo wabwino dzazani thanki kuti woipayo asungunuke.

Tsopano matayala, pamene pagona vuto lalikulu la galimotoyi. Imabwera ndi malimu a mainchesi 17 ndi matayala a 195/45 R17. Khoma la m'mbali la tayala lotere ndi lalitali mamilimita 88 okha. Pa msewu wosalala zimenezi n'zimene zimachititsa kuti chiwongolero chizimvera msanga. Koma likagwera m'dzenje la m'phula lokhala ndi milomo yakuthwa, khomalo limapanikizika pakati pa limu ndi mlomo wa dzenje, ulusi wa m'kati umaduka, ndipo mawa lake mumapeza chotupa ngati dzira m'mbali mwa tayala. Chotupa chotere sichimatika. Amene amamata matayala pa Nchalo kapena pa Dyeratu angakuikireni chigamba m'kati, koma ulusi woduka sulumikizika, ndipo tayalalo lidzaphulika tsiku lotentha muli pa liwiro. M'miyezi 5 yoyamba matayala awiri akutsogolo anatha motere, limu limodzi n'kupindika pang'ono. Saizi imeneyinso siipezeka wamba. Kuchigwa musayembekezere kuipeza, ngakhale ku Limbe mumachita kuzungulira.

Mankhwala ake ndi kutsika pa mainchesi 16. Tayala la 195/50 R16 lili ndi khoma la mamilimita pafupifupi 98, ndipo kukula kwake konse kumasiyana ndi loyamba lija ndi 1 peresenti yokha, choncho sipidomita sinama kwenikweni. La 195/55 R16 khoma lake limafika pa 107 ndipo limakweza galimoto ndi mamilimita pafupifupi 7, koma sipidomita imaonetsa liwiro locheperako pang'ono poyerekeza ndi kale, ndiye chenjerani pa malo pamene apolisi amayeza liwiro. Chimene ambiri amalakwitsa pogula malimu ndi ichi: Swift wamba ili ndi mabawuti 4, pamene Swift Sport ili ndi 5, pa muyeso wa 5x114.3. Limu la Swift wamba, Vitz kapena Demio silingalowe. Musanalipire, limangeni kutsogolo, lizungulitseni ndi dzanja muone ngati silikukhudza kalipa wa buleki, kenako pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Chisinthireni malimu, miyezi 9 yapita popanda chotupa china, ndipo galimoto imadutsa pa timaenje mosagogoda ngati kale. Pa makona a m'phiri yafewerako pang'ono, koma ndi zochepa poyerekeza ndi mtengo wa matayala.

Dziwaninso kuti galimotoyi ilibe tayala la sipeya. Chifukwa cha mapaipi awiri a ekizozi kumbuyo, opanga anangoikamo botolo la mankhwala omatira ndi kapampu kamagetsi. Botolo limenelo limathandiza pa msomali kapena munga wa mthethe wolowa pamimba pa tayala, koma khoma likang'ambika pakati pa Sorgin ndi Bangula dzuwa litalowa, silingakuthandizeni. Gulani limu lachisanu la mabawuti 5, jeki yabwino ndi sipanala yaitali. Sipeyayo imadya pafupifupi theka la buti, lomwe ndi laling'ono kale, kotero kuti thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 likalowa, basi kwatha, pokhapokha mutapinda mipando yakumbuyo. Onaninso matayala amene yabwera nawo. Galimoto zina zimafika zitavala matayala a m'chisanu cha ku Japan, olembedwa kuti studless, omwe labala wake ndi wofewa ndipo pa phula lotentha la kuno amatha ngati sopo. Manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT m'mbali mwa tayala amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. Mpweya yezani m'mawa matayala asanatenthe, motsatira kapepala kamene kali pa chitseko cha dalaivala, ndipo musauphwetse masana poona kuti wakwera.

Mimba ya galimotoyi ili mamilimita 130 kuchokera pansi. Mahampu a pa malo ochitira malonda muziwakwera pang'onopang'ono mopingasa, wilo limodzi litsogole, makamaka kumbuyo kukakhala anthu atatu. Chimene chimayamba kukhula ndi mlomo wa bampala yakutsogolo, kenako paipi ya ekizozi pakati. Bampala inamasuka timapini take kawiri, ndipo timapiniti n'totsika mtengo, sungani khumi m'galimoto. Msewu wafumbi wa m'chilimwe imayenda bwinobwino bola musatsate mikwasa ya malole, ikani mawilo pamwamba pa mtumbira. Dzinja ndi nkhani ina. Dothi la makande la ku Ngabu likanyowa limamatirira m'mawilo mpaka kudzaza, ndipo galimoto yokoka ndi mawilo akutsogolo, yotsika chonchi, imangokhala pamimba. Misewu ya dothi ya ku East Bank kupita ku Makhanga, kapena yolowera m'midzi ya ku Chapananga, si yake mvula ikagwa.

Za madzi osefukira sitinyengerera. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anationetsa mmene M1 imadukira ndi mmene timitsinje touma timadzadzira m'kanthawi kochepa. Madzi akapitirira pakati pa wilo, imani, dikirani. Injini ikayamwa madzi kudzera kolowera mpweya, ma piston amalephera kuwapanikiza ndipo ndodo zake zimapindika. Ikazimira m'madzi musayese kuiliza. Ikokeni, makaniko achotse mapulagi onse anayi, atulutse madzi, asinthe oyilo ndi fyuluta ya mpweya.

Injini yokha sinavutepo, ngakhale masiku amene kutentha kumadutsa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Imayendera tcheni m'malo mwa lamba wa timing, choncho palibe lamba wosintha pa makilomita akutiakuti, koma tcheni chimafuna oyilo woyera. Amalowa pafupifupi malita 4 pamodzi ndi fyuluta. Ife tikuti 5W-30, asinthidwe pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi ndi kutentha. Musamvere zoti kuchigwa kumafuna oyilo wolemera wa 20W-50. Injiniyi ili ndi timanjira topapatiza ta VVT (kachipangizo kosintha nthawi imene mavalavu amatsekukira) tomwe oyilo wolemera amachedwa kufikamo. Fyuluta ya mpweya muziiona pa sevisi iliyonse, chifukwa nyengo yodula nzimbe phulusa ndi fumbi zimaitseka msanga.

Pa rediyeta pali msampha wa kuno kwathu. Mijigo yambiri ya m'chigwa imatulutsa madzi amchere, ndipo madzi amenewo akalowa mu rediyeta ya aluminiyamu amadya timapaipi ndi kusiya zokanirira zoyera m'kati. Thiranimo coolant wosakaniza kale, kapena theka coolant theka madzi a distilled aja othira m'batire, osati asidi. Chivindikiro cha rediyeta chikatopa, madzi amawira msanga, ndiye musinthe ndi china cha nambala yofanana ndi yolembedwa pamwamba pake. Kamodzi pamwezi tsukani kutsogolo kwa rediyeta ndi kondensa ya AC ndi madzi opanda mphamvu yambiri, chifukwa tizilombo touluka madzulo m'mbali mwa minda ya nzimbe timatseka timipata take. AC ikayamba kufooka mutaima koma n'kumazizira mukamayenda, yambani mwaona fani ndi kondensa musanathamangire kukawonjezera gasi. Batire nalo limauma msanga kuno. Loyamba linatha pa mwezi wa 11, ndipo ngati lanu lili ndi zivindikiro, muziona madzi ake mwezi uliwonse.

Zina ndi zazing'ono. Wailesi ya ku Japan imathera pa 90 MHz, ndiye pamafunika band expander, kachipangizo kothandiza kugwira masiteshoni opitirira pamenepo, kapena wailesi ina. Timikono ta stabilizer kutsogolo tinayamba kugogoda pa mwezi wa 8 ndipo tinasinthidwa tiwiri tonse. Ma shock ake ndi olimba kuposa a Swift wamba, ndipo mukaikamo a Swift wamba galimoto imataya khalidwe limene munaigulira. Mafyuluta ndi mapulagi amapezeka ku Blantyre, koma mapadi a mabuleki, ma shock ndi zakumiyendo n'zosiyana ndi za Swift wamba, choncho pitani ndi nambala ya chasesi ndi chakale chimene mwachotsacho m'manja. Mipando yakutsogolo imagwira thupi bwino pa ulendo wautali. Kumbuyo anthu awiri akuluakulu amakhala bwinobwino, atatu amapanikizana.

Kwa mphunzitsi, namwino kapena wogwira ntchito ku esiteti amene ulendo wake uli pa phula ndipo amakwera ku Blantyre kawirikawiri, galimotoyi tikuivomereza. Amene amalima kudimba, amanyamula matumba kapena amakhala kotalikirana ndi M1 ayang'ane galimoto yokwera. Ngati mwaganiza zogula, pa mtengo wake muwonjezerepo ndalama ya malimu 5 a mainchesi 16 ndi matayala ake, mafuta a mabuleki, coolant, oyilo ndi mafyuluta, ndipo zonsezi zichitike ku Blantyre musanaitsitse pa Thabwa koyamba.