Sukulu ya mkaka ya Chingerezi chokha kapena ya zilankhulo ziwiri?

Anzanga amene amalera ana a mabanja ochokera ku Mexico, Guatemala ndi El Salvador kuno ku California sasiya kundifunsa: mwana wa zaka 4 wolankhula Chisipanishi apite kusukulu ya mkaka iti? Ndiyankhe pano onse amve.

Pa ndalama palibe mkangano, chifukwa m'sukulu zaboma ndi ku Head Start (pulogalamu ya boma yophunzitsa ana aang'ono a mabanja osauka) mitundu yonse iwiri ndi yaulere kwa oyenerera. Pa kufupika, ya Chingerezi chokha ndiyo ili patsogolo. Ili paliponse, pamene ya zilankhulo ziwiri malo amachepa ndipo kwina amachita maere.

Kuwerenga ndiye nkhani ina. Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu, a e i o u, ngati Chichewa chathu, ndipo mawu amawerengedwa momwe alembedwera. Kamwana kakuomba m'manja kanayi, ma-ri-po-sa (gulugufe), katulukira kale kuti mawu amamangidwa ndi maphatikizo. Luso limenelo kamapita nalo ku Chingerezi, kumene "a" wa mu cat, cake ndi call amamveka mosiyana. Kuyambitsa mwana pamenepo, m'chilankhulo chimene sakuchimva n'komwe, ndi kumusenzetsa mitolo iwiri.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Pasukulu ina ya Chingerezi chokha ndinamva mphunzitsi akuuza mayi wina kuti asiye kulankhula Chisipanishi kunyumba, akuti chikumusokoneza mwana. Mayiyo Chingerezi ankangochidziwa pang'ono, ndiye nthano za madzulo zinatha, nyimbo zinatha, kunatsala "idya" ndi "kagone". Chaka chisanathe mtsikanayo ankangoyankha "sí" (inde) agogo ake akaimba foni. Chingerezi anachidziwadi msanga, koma mtengo wake unali umenewo, ndipo palibe anawauza makolo polembetsa. Maganizo otere anali m'malamulo: lamulo limene anthu a ku California anavotera mu 1998, lotchedwa Proposition 227, linapanikiza maphunziro a zilankhulo ziwiri, mpaka ovota anawamasula ndi lamulo lina, Proposition 58, mu 2016. M'mitu ya aphunzitsi ena sanachokebe.

Koma musanyengeke ndi chikwangwani. Sukulu zina zolipira zimati n'za zilankhulo ziwiri, chikhalirecho Chisipanishi ndi kanyimbo kam'mawa basi. Funsani magawidwe a tsiku. Pa 90:10 pafupifupi zonse zimakhala m'Chisipanishi poyamba, Chingerezi n'kumawonjezeka chaka ndi chaka. Pa 50:50 amagawa pakati.

Ine ndimalangiza 90:10, ngakhale kukhale kutali. Malo akasowa, mwana apite ku ya Chingerezi, koma makolo asalole munthu kuwaletsa chilankhulo chawo panyumba.