Settings za WhatsApp: zofunika kwa ife zabisika kuchipinda

Ku Mangochi kuno WhatsApp ndi msika. Wogulitsa usipa ku Makawa amatumizirapo mitengo kwa makasitomala a ku Limbe, mayi wa ku Namwera amalandirirapo uthenga wa mwana wake amene ali ku Joni. Ndiye tsamba la Settings tiliyeze ndi muyeso umodzi: kodi munthu wotereyu akupeza msanga chimene wadzera?

Chimene opanga WhatsApp akonza bwino ndi Privacy checkup, yomwe inabwera mu 2023. Imayamba ndi funso la mwini foni: ndani angakupezeni, ndani aone chithunzi chanu, akaunti muiteteze bwanji. Mukayankha, yokha imakufikitsani pa batani loyenera. Kuletsa anthu osawadziwa kukuponyani m'magulu, komwe kale kunali kofufuza, pano ndi kudina kungapo basi.

Kwinako zinthu anazisanja potsata mmene pulogalamuyo inapangidwira, osati mavuto a woigwiritsa ntchito. Taonani za bandulo. Kuti isathe msanga, pa Android mudine timadontho titatu pamwamba, Settings, Storage and data, kenako When using mobile data, n'kuchotsa chizindikiro pa zithunzi kuti zisamalowe zokha m'foni. Masitepe anayi, pomwe foni yatsopano imabwera zithunzi zili zotsegula kale, ndiye gulu la mudzi likachangamuka, bandulo ya tsiku imapita dzuwa lisanafike paliwombo. Pomwepo palinso Use less data for calls, yothandiza kwambiri poimbira abale a kunja, koma ilibe mawu okwanira ofotokoza phindu lake.

Choopsa kwambiri ndi chitetezo. Akuba amapempha nambala zisanu ndi chimodzi zimene WhatsApp yatumiza pa SMS zotsegulira akaunti, munthu n'kupereka, akaunti n'kupita. Mankhwala ake ndi Two-step verification, pansi pa Account: mumasankha PIN ya manambala 6 ndi imelo yobwezeretsera. Ambiri amadumpha imeloyo poti alibe kapena anaiwala pasiwedi, ndipo akaiwala PIN amadikira masiku 7. Kwa wamalonda a nsomba, sabata yathunthu ndi katundu woola. Chenjezo limeneli linayenera kukhala m'zilembo zazikulu. Linked devices, pomwe mumaona ngati wina analumikiza akaunti yanu ku kompyuta yake pamene foni inali kotchajitsa, pa Android ili pa timadontho paja, kutali ndi PIN, chonsecho nkhani yake ndi imodzi.

Change number nayo yabisala mu Account. Wosintha kuchoka pa TNM kupita pa Airtel, kapena wotenga nambala ya ku Joni ya +27, akaigwiritsa ntchito amasamuka ndi magulu ake onse, bola nambala yatsopanoyo izitha kulandira SMS. Wosaidziwa amangotsegula akaunti ina, makasitomala n'kumalembera nambala yakufa.

Akanatifunsa, tsamba loyamba likanakhala ndi mizere inayi yolankhula ngati munthu: bandulo ikutha msanga, ndasintha nambala, ndikukayika kuti wina walowa, ndagula foni ina. Ndipo ikanalembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, zilankhulo zomwe pa App language palibe. Pakadali pano, mukagula foni pa boma, musachoke pa kauntala musanaike PIN ndi imelo imene mukutha kuitsegula.