Ndamaliza honours ya zaumulungu ku SATS ndikugwira ntchito Joni, nazi zomwe ndaona

Abale anga, chiikireni chithunzi cha satifiketi yanga pa gulu la WhatsApp la mpingo wathu, foni sikupuma, wina ati akulu ampingo mwaphunzira kuti, wina ati fizi yake ndi yotani, wina ati nanga ntchito ya usiku ija mumawerenga nthawi yanji, ndiye ndati m'malo moyankha mmodzimmodzi ndingolemba kamodzi basi aliyense aziwerenga yekha. Ndaphunzira ku South African Theological Seminary, ambiri amangoti SATS, ndipo honours imeneyi ndaitenga zaka ziwiri uku ndikugwira ntchito ya ulonda kumbali ya Randburg.

Koma ndiyambe ndi pomwe ndinagwa, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mwaima pakhomo lomwelo. Ndisanapite ku SATS ndinapeza kapepala mu teksi ka koleji ina ya m'tauni, pamwamba pa shopu kufupi ndi renki ya Bree. Dzina sinditchula. Anandilandira bwino kwabasi, ofesi ya kapeti, pakhoma zithunzi za anthu ovala mikanjo ya omaliza maphunziro, ati masitazi miyezi isanu ndi itatu yokha, ukawonjezera ndalama pang'ono ukhala dokotala chaka chisanathe. Ndinapereka dipoziti yokwana lendi ya mwezi wathunthu. Lamulungu lake ndikuwauza abusa athu mosangalala, iwo anangondifunsa kuti, "Akulu ampingo, nambala yawo ya kaundula wa boma mwaiona?" Ine kukamwa yasa. Tinatsegula foni pompo panja pa tchalitchi, kufufuza m'ndandanda wa boma wa masukulu a pulaiveti, dzina lawo mulibe. Ndalama ija sinabwerenso, ndipo chimandipweteka mpaka lero ndi choti anthu awiri akwathu omwe ndinakumana nawo pa masitepe tsiku lija anapitiriza, pano akutchedwa madokotala ndi pepala lomwe yunivesite iliyonse ingalikane.

Ndiye musanatulutse olo rand imodzi, onani zinthu zitatu. Sukuluyo ikhale yolembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, mndandanda wake uli pa intaneti waulere. Kosi yomwe mukufunayo ikhale yovomerezedwa ndi Council on Higher Education, osati sukulu yokha ayi, kosi yeniyeniyo. Komanso ikhale m'kaundula wa SAQA, bungwe la boma loona za mapepala a maphunziro kuno ku South Africa, ndi level yake. Kuno digiri yoyamba ya zaka zitatu ndi level 7, honours ndi 8, masitazi ndi 9, PhD ndi 10. Honours imakhala ma credit 120, masitazi 180, PhD 360, ndipo credit imodzi amaiwerengera ngati maola 10 a kuphunzira. Ndiye tawerengani nokha, honours yokha ndi maola 1200, mukagawa pa zaka ziwiri ndi maola oposa 11 sabata iliyonse osadumphitsa. Munthu wokuuzani kuti masitazi miyezi isanu ndi itatu Loweruka lokhalokha, akukunamizani masanasana.

Ife amene tinaphunzira kumudzi pali chinanso, pepala lathu liyenera kudutsa kaye ku SAQA kuti aone likugwera level yanji kuno. Amafuna satifiketi ndi transcript yonse, ndiye yambani msanga kuitanitsa kumudzi. Yanga anandibweretsera mlamu wanga pa basi, ndinakailandirira pa Park Station ili mu envulopu pakati pa thumba la ufa ndi usipa. Digiri yanga anaiika pa level 7, n'chifukwa chake ndinayambira honours osati kulumphira masitazi. Poyamba ndinadandaula kuti akundibweza m'mbuyo koma pano ndikuthokoza, masitazi ikanandigwetsa.

Tsono za SATS yeniyeniyo. Inayamba mu 1996 konkuno ku Johannesburg, ndi yolembetsedwa ku boma, ndipo maphunziro onse ndi a pa intaneti, kuyambira satifiketi, digiri, honours, masitazi mpakana PhD. Palibe kukwera teksi kupita m'kalasi. Kwa ine ichi n'chimene chinandikoka, chifukwa ndimaweruka 6 koloko m'mawa, kalasi ya masana sindikanaikwanitsa olo pang'ono. Iwo sabisa mbali yawo, ndi a chievanjeliko, amati maphunziro awo ndi ozikika pa Baibulo, Khristu ali pakati, ndipo Mzimu ndiye wotsogolera, ndipo ukamawerenga zinthu zawo umaona kuti zimenezi si zongolemba pa chikwangwani. Ine wa CCAP sindinamve chilendo. Mabuku ndi nkhani za akatswiri umazipeza mu laibulale yawo ya pa intaneti, komanso ali ndi magazini yawo ya kafukufuku yotchedwa Conspectus yomwe aliyense angawerenge ulere, ndiye ngati mukufuna kulawa kaye kuti zolemba za level imeneyi zimaoneka bwanji, yambani pamenepo musanalipire kalikonse.

Chomwe sindidzaiwala ndi asayimenti yanga yoyamba. Ndinailemba ndi mtima wonse, ngati mmene ndimakonzera uthenga wa pa maliro, mavesi mbwee, zitsanzo za kumudzi, kumapeto kuitana anthu kulapa. Itabwera, aphunzitsi anali atalemba m'mbali pafupifupi ndime iliyonse, mwaulemu ndithu, ndipo tanthauzo lake linali lakuti mwalalikira bwino koma simunafufuze, mwatiuza zomwe vesi likunena kwa ife musanatiuze zomwe linkanena kwa omwe analilandira koyamba, nanga mfundo iyi mwaitenga kwa ndani. Ndinakhala mu kanyumba ka ulonda kaja usiku wonse laputopu ili pamwendo, hita ili kumapazi chifukwa unali mwezi wa June, ndikuwerenga ndemanga zija mobwerezabwereza. Zaka zoposa khumi ndikuimirira kutsogolo kwa anthu, palibe anandiuzapo zimenezi. Kumpingo ukatsika pa guwa aliyense amangoti mwatidalitsa bambo, mwatidalitsa. Apa ndinapeza munthu woti wawerenga mzere uliwonse n'kundionetsa pomwe ndalowetsa maganizo anga m'kamwa mwa mtumwi. Fizi yonse yomwe ndalipira, kwa ine yapindulira pamenepo.

Ndipereke chitsanzo kuti mumvetse kusintha kwake. Pa 1 Petro 2:11 Buku Lopatulika limati ndife alendo ndi ogonera. Ine moyo wanga wonse ndinkalalikira kuti dziko lapansi si kwathu, kwathu ndi kumwamba, basi n'kuyambitsa nyimbo. Si zabodza ayi. Koma nditabwerera ku Chigiriki chija ndinachisiya kalekale, ndinapeza kuti mawu awiriwo ndi paroikos ndi parepidemos, ndipo loyambalo ankaligwiritsa ntchito ponena za munthu wokhala m'dziko la eni, wokhazikika ndithu koma wopanda ufulu wa nzika, pomwe lachiwirilo ndi wodutsa, wokhala kanthawi. Kalatayo inapita kwa akhristu a ku Ponto, Galatiya, Kapadokiya, Asiya ndi Bituniya, madera omwe lero ali m'dziko la Turkey. Katswiri wina, John Elliott, analemba mu 1981 kuti anthu amenewa analidi alendo pamaso pa malamulo a nthawiyo, osati mophiphiritsa chabe, ndipo ena amamutsutsa kuti wakokera kwambiri mbali imodzi, ndiye iwe wophunzira uyenera kuwamvetsera onse n'kunena pomwe waima ndi chifukwa chake. Abale, ndinawerenga zimenezi ndili ndi pasipoti m'thumba la yunifomu, ndikukumbukira May 2008 zipolowe zitayambira ku Alexandra anthu akwathu n'kumagona pa mapolisi siteshoni. Ndinalira ndekhandekha pa geti la eni ake.

Zovuta zilipo, koma zambiri ndi za moyo wathu wa kuno. Kuphunzira pa intaneti kumafuna data, ndipo nthawi ija magetsi ankazimazima mu 2023 ndinkathamangitsana ndi batire la laputopu, kutchajira ku ntchito, kukamalizira kunyumba. M'chipinda chimodzi ndi mayi akunyumba ndi ana awiri, tebulo lomwe timadyerapo ndi lomwelo lowerengerapo, masana umafuna kugona ana akufuna TV. Ndiye palinso kusungulumwa, palibe mnzako woti mutuluke naye m'kalasi mukutsutsana, palibe belu lokuitana, ukachita ulesi sabata imodzi palibe akuone, umangozindikira tsiku lopereka asayimenti lafika. Munthu amene sangadzikakamize yekha njira iyi imuvuta, ndikunena poyera. Chizungu cholembera kafukufuku nachonso n'china, si chija timayankhula ndi abwana pa geti, ndipo kulemba bwino komwe watenga mfundo iliyonse kunanditengera miyezi kuti ndizolowere. Za fizi sindilemba nambala chifukwa zimasintha chaka ndi chaka, onani pa webusaiti yawo. Ine ndinkalowa chipereganyu ndi anzanga anayi, ikafika nthawi yanga yolandira yonse inkapita ku sukulu, ndipo miyezi imeneyo ndalama yotumiza kumudzi inkachepa, mayi anga ndinawafotokozera ndipo anandimvetsa.

Sindikunena kuti SATS ndi ya aliyense. Ngati ndinu a Katolika, kapena mukufuna zaumulungu zophatikiza ndi filosofe, fufuzani za St Augustine College yomwe inayamba mu 1999. A Baptist ali ndi koleji yawo ku Randburg, ya kalekale kuyambira 1951. UNISA ku Pretoria nayonso ndi yophunzira uli kwanu. Amene mukulota zodzaphunzitsa pa yunivesite, ganizirani University of Pretoria, zaumulungu kumeneko zinayamba mu 1917 ndipo Gautrain imakutsitsani pa Hatfield pafupi pomwepo, kungoti yophunzira m'kalasi imafuna visa ya sukulu, ndiye onani kaye mapepala anu. Anzathu a Nkhoma Synod mukudziwa kale ubale wa ku Stellenbosch, unayambira pomwe amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, ndipo abusa athu ambiri anakatenga masitazi ndi PhD kumeneko. M'mayunivesite a bomawa mukakumana ndi maganizo osiyanasiyana, ena oti akugwedezani chikhulupiriro, kwa ena n'zabwino, kwa ena bola kuyamba pomwe mapazi aponda pouma. Ine pa msinkhu wanga ndi ntchito yanga ndinasankha bwino, ndipo nditati ndiyambirenso ndingapite komweko.

Chimodzi chomwe ambiri amasokoneza, digiri si kudzozedwa. Olo mutakhala ndi PhD, ubusa wa CCAP umadutsa ku sinodi, ndipo mipingo ina nayo ili ndi njira zake, ndiye ngati cholinga chanu ndi kolala kambiranani kaye ndi akuluakulu anu musanayambe. Ndipo ngati mukufuna kukagwira nalo ntchito pepalalo kumudzi, funsaninso ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Malawi, za mmene amalandirira mapepala akunja.

Lachitatu lapitali pa phunziro la Baibulo mu garaja muja timakumana ku Cosmo City ndinatsegula 1 Petro yemweyo. Sindinatchule Chigiriki chambiri, ndinangofotokoza kuti olandira kalatayi anali anthu okhala kwa eni, onyozedwa ndi anansi awo, ndipo Petro akuwauza kuti ndinu mbadwa yosankhika, anthu ake a Mulungu. Amayi ena achikulire omwe agwira ntchito ya m'nyumba kuno zaka zambirimbiri anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Bambo, ndiye kuti Petroyu ankadziwa za ife a mapepala otha?" Tinakhala pa funso limenelo mpaka mdima, tiyi anazizira m'makapu. Pano ndikukonza pempho la masitazi pa kalata yomweyi ndi moyo wa Amalawi a ku Gauteng, ndipo amayi aja avomera kale kuti ndidzayambire kucheza ndi iwo.